Botolo la Che Saidi pa Msewu wa ku Makanjira

Thireyi yanga yachitsulo, imene ndinkaikapo makapu kukabwera alendo, inasowa m'nyumba. Ndinaifunafuna masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinaipeza kuseri kwa nyumba itadulidwa tizidutswa tisanu ndi titatu tofanana, amuna anga Che Saidi atakhala pachitsa akutiboola kamodzikamodzi timabowo ting'onoting'ono.

"Mayi a Hawa, musakwiye," anatero osadzutsa n'komwe mutu. "Thireyi imeneyi yapeza ntchito yaikulu."

Che Saidi amagwira ntchito ya zamagetsi pa loji ina kuno ku Nkopola. Ndi munthu wofatsa, koma akagwira chinthu salekeza panjira. Anali ataonera pafoni anthu akunja akumangirira botolo lamadzi m'galimoto n'kumanena kuti petulo wawo akuchedwa kutha. Anandifotokozera kuti ukamiza zitsulo m'madzi othira soda pang'ono n'kulumikiza mawaya ku batire, madziwo amatulutsa thovu. Thovulo ndi mpweya woyaka, dzina lake haidrojeni. Mpweyawo umadutsa m'paipi kukalowa mu injini, n'kukathandizana ndi petulo.

Ine sindinakhulupirire mpaka tsiku limene anandiitana kuti ndidzaone. Anamiza paipi m'beseni la madzi a sopo, thovu n'kuunjikana, iwo n'kuyatsa machesi. Linaphulika ngati mfuti. Nkhuku zinabalalika, anansi anatuluka m'nyumba zawo, ndipo ine amene ndinkalira thireyi ndinapezeka ndikuwomba m'manja. Madzi enieni a pampopi, kuyaka chonchija. Kuyambira tsiku limenelo ndinakhala mbali yawo.

Inali nyengo ija petulo anasowa, magalimoto akugona m'mizere. Komanso inali nyengo ya ukwati wa mlongo wanga wamng'ono, Imrani, amene anapeza mbeta ku Makanjira. Ukwati umenewu unali utalepherekapo kale kamodzi, mvula itadula msewu, ndipo bambo a mtsikana sanabise kukhumudwa kwawo. Anati ulendo uno mkwati akapanda kuoneka pa nthawi yake, iwo aona kuti mnyamatayo alibe nazo chidwi. Shehe anali atanena kuti adzamanga ukwati ikangotha swala ya Asiri, pemphero la cha m'ma 3 koloko masana. Achibale ambiri anatsogola pa lole masiku awiri m'mbuyo, pamodzi ndi amjomba athu, mlongo wawo wa mayi. Imrani sanamasulidwe kuntchito mpaka Lachisanu madzulo, choncho anatsala ndi ife.

Che Saidi anakhala pamzere masiku awiri n'kubwerako ndi malita khumi ndi awiri okha. Aliyense amene amaudziwa msewu wa ku Makanjira anapukusa mutu. Amuna anga anangoti, "Amenewo akunena za galimoto yopanda botolo." Sabata yonseyo anaikonza galimoto yathu yakale ija ngati mwana wopita kusukulu: anasintha mapulagi, anatsuka sefa ya mpweya, anapopa matayala, kenako anamangirira botolo lija pafupi ndi batire ndi malamba a chubu.

Tinanyamuka Loweruka dzuwa litangotuluka. Imrani anakhala kutsogolo atafungatira mkanjo wake woyera m'pepala lapulasitiki. Ine ndinakhala kumbuyo pakati pa thumba la mpunga ndi sutikesi ya zovala za mkwatibwi. Che Saidi anati Bisimila, analiza injini, kenako anadina swichi imene anaiika pafupi ndi chiwongolero. Kagetsi kofiira kanayaka.

"Mwaimva mmene yasinthira kulira?"

Tonse tinati taimva. Mpaka lero sindikudziwa ngati ndinaimvadi.

Kuchoka ku Nkopola kufika ku Mangochi boma tinayenda pang'onopang'ono ngati tanyamula mazira. Imrani ankangoyang'ana wotchi.

"Alamu, kodi botololi limaletsa kuthamanga?"

"Sililetsa. Likufuna ulemu basi."

Pa boma tinapeza mzere wa magalimoto utazungulira mpaka kumsika, madalaivala atayala makatoni pansi pa mitengo. Mnzawo wina wa Che Saidi anatizindikira, anaimirira pakatoni pake n'kukuwa kuti, "Ya madzi ija ndi imeneyi?" Che Saidi anaimba hutala kawiri. Anthu anatembenuka, ena anathamangira kumsewu kudzationa tikudutsa. Ine ndinakonza mpango wanga kumutu n'kukhala mowongoka.

Titawoloka mlatho wa pa Shire tinaima pa rodibuloko. Wapolisi wamkazi anayang'ana mapepala, kenako anaona kagetsi kofiira kaja ndi waya wotulukira pansi pa chiwongolero, n'kupempha kuti atsegule boneti. Anayang'anitsitsa botolo likubwata thovu.

"Bambo, kachasu mwayamba kutcherezera m'galimoto?"

Che Saidi anafotokoza zonse kuyambira pa thireyi. Mayiyo ananunkhiza madziwo, anaitana mnzake kuti adzaone, ndipo pomaliza anati amuna awo ali ndi njinga yamoto imene yakhala sabata osayenda. Anatilola kupita akuseka, akuti tidzawauze pobwerera ngati tafika.

Patsogolo pang'ono, pamene msewu wa ku Malindi umapatukira kumanzere, panali khamu la anthu odikira magalimoto amene sankabwera. Pambali panaima mayi wina wa magalasi, ali ndi katoni yomanga ndi chingwe. Anatibayitsa mwaulemu. Anati ndi Mayi Gondwe, mphunzitsi wa sayansi pa sekondale ina kufupi ndi Makanjira, ndipo afika pamenepo m'mawa kwambiri, koma lole imodzi yokha imene inadutsa inali yodzaza mpaka pamwamba, mtengo wake utakweranso kawiri. M'katonimo munali mapepala a mayeso a ana awo. Ndinasuntha mpunga, iwo n'kulowa. Atafuna kulipira, Che Saidi anakana.

"Lero mukukwera ya madzi, aphunzitsi. Madzi sitilipiritsa."

"Ya madzi?" anafunsa Mayi Gondwe, n'kukankhira magalasi awo m'mwamba.

Sindinaonepo amuna anga akusangalala ngati mmene anachitira pa msewu wa ku Malindi. Apeza munthu wodziwa mawu onse amene iwo anawaphunzira pafoni. Mayi Gondwe ankafunsa, iwo n'kumayankha: zitsulo zingati, soda wochuluka bwanji, fyuzi yake ndi yotani, nanga moto utabwerera m'paipi chingachitike n'chiyani. Pa funso limenelo Che Saidi ananyadira, chifukwa anali ataika kabotolo kachiwiri kamadzi kotchinga moto. Mphunzitsiyo anagwedeza mutu.

"Mwaganiza bwino pamenepo. Ana anga a Fomu 4 atapanga chinthu chotere ndikanavina."

Tinafika pa Malindi singano ya geji ya mafuta isanasunthe n'komwe. Imrani anaijambula pafoni n'kutumiza kwa amjomba. Pasanathe mphindi zisanu foni inalira.

"Kuno anthu amva kuti mkwati akubwera pa galimoto yoyendera madzi," anatero amjomba. "Ana ayamba kale kudikira kumsewu. Musatichititse manyazi."

Tinaseka mpaka misozi. Ndinayambitsa nyimbo ya ukwati ya kwathu, Mayi Gondwe n'kumawomba m'manja ngakhale Chiyao sankachimva.

Phula linayamba kudukaduka, kenako linatheratu. Pa Lungwena tinaima pang'ono, Che Saidi anawonjezera madzi m'botolo, Mayi Gondwe anatigulira nthochi ndi chinangwa chokazinga. Nthawi inali isanakwane 10 koloko. Imrani anamasuka, anayamba kutiuza mmene anakumanirana ndi mtsikanayo pa maliro a mnzake, nkhani imene ine mchemwali wake ndinali ndisanaimvepo.

Titayenda kamtunda ndithu tinapeza magalimoto atatu ndi njinga zambirimbiri zitaima. Kutsogolo kunali kamlatho ka matabwa, ndipo lole yonyamula madengu a usipa wouma inali itathyola thabwa, tayala lakumbuyo litalowa. Panalibe podutsira. Mtsinje unali wouma, koma magombe ake anali ozama, a mchenga wokhawokha. Amuna anali atayamba kutsitsa madengu, ena atapita kumudzi kukafuna mitengo ndi jeke wachiwiri.

Tinazimitsa injini n'kukhala pansi pa mtengo wa mango. Ola loyamba linadutsa. Dzuwa linakwera, fungo la usipa linadzaza paliponse, ntchentche n'kutipeza. Amayi a m'mudzimo anabwera ndi madzi ndi thobwa. Jeke wachiwiri atafika anapezeka kuti ndi wakufa. Imrani anavula malaya n'kupita kukathandiza kutsitsa madengu, ine ndikumukumbutsa kuti mkwati safika kwa apongozi akununkha nsomba.

Kudikira kuja n'kumene kunatipweteka. Dalaivala wina anafunsa za kagetsi kofiira, ndipo posakhalitsa boneti yathu inali yotsegula, anthu oposa makumi awiri atazungulira. Che Saidi anadina swichi, thovu linayamba. Anabwereka beseni ndi sopo kwa mayi wa thobwa, anasolola paipi, anauza anthu kuti afutukire kutali, n'kuyatsa machesi. Litaphulika, agalu anauwa, amayi anakuwa, kenako onse anati abwereze. Anabwereza. Anafika anthu ena a pa njinga amene sanaone, anabwerezanso. Mkulu wina wa ndevu zoyera anagwira dzanja la amuna anga n'kunena kuti Mulungu anabisa moto m'madzi kuti aupeze munthu wa ku Mangochi. Ndinaona Mayi Gondwe akutsegula pakamwa kawiri ngati akufuna kunena kanthu, koma phokoso linawaposa.

Tinaswali swala ya masana pomwepo pamthunzi. Itangokwana 1 koloko lole inatuluka, anthu anayala mitengo pamene panathyoka, magalimoto n'kuyamba kuwoloka. Tinalowa m'galimoto mothamanga. Che Saidi anapotokola kiyi. Inangoti kete. Anapotokolanso. Kete. Kagetsi kofiira kaja kanali kakuthima ngati khala lotsala.

Imrani anaika nkhope m'manja.

"Batire latha," anatero Mayi Gondwe motsitsa mawu. "Botolo lakhala likumwa moto ola lathunthu injini itazima. Ndimafuna kukuuzani."

Mwayi wake galimoto yathu ndi ya magiya a pamanja. Anthu omwe aja amene ankaonerera ndiwo anatikankha, mkulu wa ndevu zoyera akutsogolera nyimbo. Tinawoloka kamlatho tikukankhidwa, Imrani ndi ine tili kumbuyo limodzi ndi khamulo, fumbi lili m'maso. Ulendo woyamba inakana. Wachiwiri inatsokomola. Wachitatu inalira, anthu n'kukuwa ngati kwagoletsedwa chigoli. Tinadumphiramo ikuyenda.

Tinayenda kamtunda. Kenako Che Saidi anafunsa okha, maso ali pamsewu.

"Aphunzitsi, nenani zimene mukuganiza. Musandiope."

"Mpweya wanuwo ndi weniweni, Che Saidi, ndipo ukuyakadi. Koma moto wolekanitsa madziwo ukuchokera ku batire. Batire likudzazidwa ndi injini. Injini ikumwa petulo. Zili ngati munthu ali m'bwato, akukapa madzi kutsogolo n'kumawathira kumbuyo. Ndipo pokapapo ena amatayika ngati kutentha. Gwirani botololo muone."

"Nanga geji ija pa Malindi?" anafunsanso Che Saidi.

"Mwasintha mapulagi, mwapopa matayala, mukuyendetsa mofatsa. Zimenezo zimapulumutsa mafuta ndithu. Komanso geji ya galimoto yakale imachedwa kunena zoona."

Ine zinandiwawa ngati akunena ine. Koma Che Saidi sanakwiye. Anafunsa kuti munthu angadziwe bwanji chenicheni. Mayi Gondwe anati n'zosavuta: msewu umodzi, katundu yemweyo, liwiro lomwelo, lita imodzi yoyezedwa bwino, ulendo wina botolo loyaka, ulendo wina lozima, n'kubwereza kangapo. Ndinaona pagalasi maso a amuna anga akuwalanso.

"Kangati?"

"Kasanu mbali iliyonse."

"Ndidzapanga kakhumi."

Cha ku Namalaka tinamva fungo la pulasitiki yopsa. Titatsegula boneti, madzi a m'botolo anali ofiirira ngati tiyi, chivindikiro chitafewa. Che Saidi anazula waya okha, osauzidwa ndi munthu. Kuyambira pamenepo msewu unali mchenga, galimoto ikulira pa giya yoyamba ndi yachiwiri, ndipo singano imene inakakamira m'mawa ija inatsika ngati yatopa kunama. Amjomba anaimba kanayi. Ulendo wachinayi Imrani anandipatsira foni.

"Abiti Yusufu, muli pati?" Akanditchula dzina la bambo anga chonchi ndiye kuti zinthu zavuta. "Apongozi ayamba kuyang'ana kumsewu. Shehe wafika."

"Tayandikira, amjomba. Auzeni aphike tiyi."

Nditangodula foni, galimoto inagwedezeka kawiri, inayenda pang'ono yokha, n'kuima. Nthawi inali 2 koloko ndi theka. Munthu wa pa njinga amene tinamufunsa anati kumudzi kwa mkwatibwi wapansi amayenda ola ndi theka. Njinga zamoto zonyamula anthu kunalibe, nazonso zinali zitagona chifukwa cha mafuta. Imrani anatulutsa mkanjo wake m'pepala n'kunena kuti athamanga wapansi. Che Saidi anangogwira chiwongolero ndi manja onse awiri.

"Alamu, ndakulakwirani," anatero Che Saidi.

Kumanzere, kupyola minda ya chinangwa, ndinaona madenga a zisakasa ndi maukonde atayanikidwa. Ine ndinakulira padoko, bambo anga anali msodzi, ndipo ndikudziwa kuti pamene pali boti la injini pamakhala chigubu chobisidwa penapake. Ndinauza Imrani kuti andidikire mphindi khumi. Ndinakwinya chitenje, ndinavula nsapato, n'kuthamanga kudutsa m'mindamo, ine mayi wa ana anayi.

Padokopo ndinapeza amuna asanu akusoka ukonde. Ndinapereka moni, ndinagwada, n'kufotokoza zonse mwakamodzi, mpweya ukundithera. Anayi anati mafuta kulibe. Wachisanu, bambo wamfupi wovala korona ya Akatolika m'khosi, anapitiriza kusoka. Anzakewo ankamutchula kuti a Filipo.

"Ndili nawo oti ndipitire panyanja lero," anatero. "Ndawasaka sabata yathunthu. Ndikakupatsani, sindifika kumene kuli usipa."

Ndinangokhala chogwada.

"Mwati mkwatiyo ukwati unamulepherapo kale?"

"Kamodzi. Mvula."

"Ine unandilephera kawiri," anatero a Filipo, anzawo n'kuseka. Anaika pansi chosokera, analowa m'chisakasa, n'kutuluka ndi kachigubu kachikasu. "Koma ndi osakaniza kale ndi oyilo wa injini ya boti. Galimoto yanu ifuka ngati uvuni wa njerwa. Ndipo ndikupita nawo, ndikaione galimoto imene anthu akhala akuikamba kuyambira m'mawa."

Tinabwerera tikuthamanga tonse awiri. Che Saidi atamva za oyilo anayang'ana Mayi Gondwe, iwo n'kunena kuti pa mtunda waufupi chonchi injini siifa. Tinathira kudzera m'botolo lina la pulasitiki lodula kunsi. Injini inazungulira, inazungulira, kenako inagwira. Kumbuyo kunatuluka utsi wabuluu umene unaphimba msewu wonse.

Imrani anavalira mkanjo m'galimoto momwemo, ine ndikumupukuta fumbi m'makutu ndi nsonga ya chitenje yonyowetsa ndi madzi akumwa. A Filipo anapanikizana ndi Mayi Gondwe, katoni ya mayeso ili pamiyendo pawo. Che Saidi anaiwala zoyendetsa mwaulemu zija.

Tinamva kuitana kwa swala tili pa mtengo wa mlambe wolowera m'mudzi. Ana anatiwona poyamba, anathamanga m'mbali mwa galimoto akukuwa kuti ya madzi yafika, ya madzi yafika, ena akuloza utsi n'kumauzana kuti imeneyo ndi nthunzi. Amayi analulutira. Imrani anatsika galimoto isanaime bwino, amjomba anamugwira dzanja n'kulowa naye mumzikiti. Ndinaona bambo a mtsikana ataima pakhomo. Anayang'ana mkwati, anayang'ana galimoto ikufukabe, kenako anaseka n'kumupatsa njira.

Ukwati unamangidwa. Ndinalira monga amalirira mchemwali aliyense.

Nthawi ya chakudya, amuna a m'mudzimo anazungulira galimoto, akufuna kuti Che Saidi atsegule boneti. Anatsegula, anawaonetsa botolo ndi chivindikiro chake chopindika, n'kuwauza kuti mpweya umatulukadi, koma chimene chatifikitsa ndi petulo wa boti la bambo awa. Anagwira phewa la a Filipo n'kuwaimika kutsogolo. Amjomba atamva nkhani yonse, analamula kuti mafuta a jenereta ya zokuzira mawu agawidwe pawiri, theka lithiridwe m'kachigubu kachikasu kaja. Nyimbo zinatha msanga tsiku limenelo, ndipo palibe anadandaula.

A Filipo anadya mpunga ndi nyama ya mbuzi atakhala pa bampala ya galimoto, maso ali pa botolo. Atasamba m'manja anakokera amuna anga pambali, ine ndili pomwepo ndikutolera mbale.

"Che Saidi, zimene anena aphunzitsiwa ndazimva. Komabe mundipangire langa. Ndikalimangirire pa injini ya boti."

Che Saidi anayang'ana botolo lawo nthawi yaitali, ndipo ndinaona kuti akulifunabe ngati poyamba.

"Ndiyambe ndayesa kakhumi kaja, a Filipo. Likapambana, loyamba ndi lanu, ndidzabwera nalo ndekha. Koma lero ayi. Ife pamsewu tinapeza otikankha. Inu pakati pa nyanja adzakukankhani ndani?"